Madzi a Madala

9 Meyi

Okondedwa mayi a kunyumba,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu, ana athu atatu ndi amayi. Ine kuno ndili bwino. Msana ndiwo umadzuka ukudandaula, koma ukaona ntchito umakhala chete wokha.

Envelopu ya ndalama ili ndi adalaivala a lole omwe aja. Muyambe mwagula mankhwala odontheza m'maso a amayi, mabotolo awiri, yotsalayo ipite kusukulu ya chisamba wathu. Mbuzi yaikazi ija musagulitse ngakhale wina abwere ndi mtengo wokoma. Alamu anu akabweranso kudzabwereka zipangizo zanga zokonzera njinga, muwauze kuti kiyi wa bokosi ndinabwera naye kuno. Sipanala yomwe anatenga ndisananyamuke ija sinabwerebe.

Mwafunsa chifukwa chake pa foni ndimangoti "ee, ee" ngati ndili pamaliro. Kachipinda kanga kagundana ndi khitchini ya adona, khoma lake ndi thabwa, ndipo iwo sakonda munthu akamayankhula zoti iwo sangatolepo kanthu. N'chifukwa chake ndabwerera ku pepala.

Ntchito ndi yomwe ija. Anandilemba yosamalira maluwa, koma kuyambira pomwe bambo awo a adona, amene pano timangoti madala, anagwidwa ndi sitiroko, maluwawo ndimangowaonera pawindo. Madala mbali yakumanja inafa, mawu anawatsalira atatu kapena anayi. Ndimawadzutsa, kuwakweza pa chikuku, kuwasambitsa, kuwameta, kuwadyetsa. Ndi munthu wathupi, kale anali oyendetsa sitima yapamtunda, ndipo mphamvu za manja awiri zinasamukira m'dzanja lamanzere.

Nkhani yatsopano pano ndi giza. Chithanki cha kudenga chija, chomwe chinkasunga madzi otentha, achichotsa, ati chimadya magetsi. M'malo mwake apachika kabokosi koyera panja, pakhoma la kubafa, kukula kwake ngati sutikesi ya mwana wasukulu. Sikasunga madzi ngakhale dontho. Ukatsegula mpopi kamalira tche-tche-tche, gasi n'kuyaka m'katimo, madzi n'kumatentha akudutsa. Ukatseka kamazima. Ndinaima pamenepo n'kumaganiza za inu ndi mitolo yanu ya nkhuni.

Tsopano yabwino. Ndinawauza adona zomwe ananena adokotala kumeneko, kuti diso lakumanzere la amayi linapita, lakumanja likutsatira, ndipo si matenda oti opaleshoni ingathandize. Ndinawauzanso mawu a amayi, oti pa kagalasi ka foni amangoona utsi, akufuna adzandione pafupi, padzuwa, maso asanatseke. Adona anamvetsa. Ati mu Ogasiti andipatsa masabata atatu, ndipo pasipoti yanga, yomwe amandisungira m'dirowa ya kuchipinda kwawo, adzandipatsa nthawi yomweyo. Muwauze amayi kuti pa zaka zinayi zosaonana zija pangotsala miyezi itatu.

Dzulo kabokosi kaja kanachita mwano pang'ono. Ndikuwatsukuluza madala sopo kumsana, madzi anangozizira mwadzidzidzi, iwo n'kukuwa, n'kundigunda ndi chigongono pachifuwa. Mwina n'chifukwa choti n'katsopano.

Ndine wanu,
bambo a ana


6 Juni

Mayi a kunyumba,

Kalata yanu yafika Lachiwiri, ndipo ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino kupatula chifuwa cha mzime. Muzimuveka juzi ndinatumiza ija, musaisungire Lamulungu lokha. Ine ndili bwino. Kuzizira kwayamba, m'mawa udzu umakhala woyera ngati wawazidwa ufa.

Za mjigo wofa ndamva. Akamasonkhetsa yokonzera perekani msanga, musadikire kuti akutchuleni pagulu. Nsapato za wachiwiri ndagula kale, ndidzabwera nazo ndekha, ndiye phazi lakelo mulipemphe lidikire.

Kabokosi kaja katisandutsa zitsiru. Pafupifupi m'mawa uliwonse ndi chimodzimodzi. Ndimawakhazika madala pampando wa pulasitiki m'bafa, ndimayesa madzi padzanja langa, ali bwinobwino. Ndimawanyowetsa, ndimawapaka sopo. Ndikayamba kutsukuluza amabwera ofunda kaye, kenako ozizira ngati a m'firiji, kenako otentha. Ine ndimakhala nditawakumbatira pachifuwa ndi mkono umodzi kuti asagwe, ndiye ndimadziwira pa kukuwa kwawo.

Adona anaitana pulambala yemwe anakapachika. Ndi bambo wamfupi, woyenda akuimba mluzu, wa anthu aja oyankha usanamalize funso. Anatsegula shawa, nthunzi inadzaza bafa lonse. Anaima mphindi khumi akuyang'ana wotchi, madzi osasintha. Anamasula kasefa ka polowera madzi n'kupezamo timchenga towerengeka, ndipo anatisonyeza ngati wapha njoka. Anasintha mabatire oyatsira moto, ananyamula botolo la gasi n'kuligwedeza, ati lidakali ndi theka. Mtengo womwe anatchula pochoka, kwathu ndi mbuzi ziwiri. M'mawa mwake madala anakuwanso.

Anabweranso Lachisanu. Ulendo uno anatsuka mapaipi a m'kabokosi ndi mankhwala, ati mwina mwaundana zoyera zija zimamera m'ketulo. Pochoka anawauza adona, ine ndili pomwepo ndi tawulo paphewa, kuti makina alibe vuto, afunse amene amawagwira.

Ndime ikubwerayi musawawerengere amayi.

Adona nawo amasamba madzi a kabokosi komweko, kubafa kwawo, ndipo kwa iwo sanazizirepo. Anandifunsa kuti, "Bwanji amazizira pa bambo anga okha, ndiponso m'manja mwako mokha?" Zaka ziwiri ndawanyamula bambo awowo osawagwetsapo, koma funso limodzi linafufuta zonse. Madala nawo akangoona chitseko cha kubafa amagwira felemu ndi dzanja lamoyo lija n'kumati "ayi, ayi", amodzi mwa mawu awo otsala aja. Ndimachita kuwamasula chala chimodzichimodzi, ndipo zimandipweteka mumtima, chifukwa munthuyu ankandikhulupirira. Ayamba kutsokomola.

Ndinapempha kuti ndizitenthetsa madzi m'ketulo, ndiziwasambitsira m'beseni. Adona ati sanagule kabokosi kodula chonchija kuti bambo awo azisamba m'ndowa.

Za Ogasiti sindinakumbutse. Nthawi yake sinakome.

Wanu,
bambo a ana


3 Julaye

Mayi a kunyumba,

Moni nonse. Ndili moyo. Kalatayi ndi envelopu ndapatsira amayi ena amene amabwera kudzachapa Lachiwiri ndi Lachisanu, ndiwo akapereke kwa adalaivala, chifukwa ine masiku ano sindikutuluka. Ya mankhwala a amayi ilimo. Zina zonse dikirani kaye.

Madala ali m'chipatala, lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi. Chibayo. Anawatenga pa ambulansi atawaika chopumira kumaso. Adona akaweruka kuntchito amapita komweko, ndipo kiyi wa geti amene ndinkasunga anatenga, ati nyumba isamakhale yopanda munthu. Mpanda wake munauona pa chithunzi chija, pamwamba pali mawaya a magetsi. Chakudya chilipo chambiri, musadandaule. Pali mawu ena omwe ananena tsiku la ambulansi, okhudza apolisi, koma munthu akachita mantha amayankhula zambiri, ndiye ndawasiya pomwe anagwera.

Poti ndili ndekha, ndakhala ndikulimbana nako kabokosi. Paja chubu cha njinga chikamaphwa koma pobooka osaoneka, timachiviika m'madzi chigawo ndi chigawo mpaka thovu litatuluka. Ndachita zomwezo. Kusamba ine ndimasambira kuseri, m'ndowa, bafa la madala si langa, ndiye ndimangoima nditatambasula dzanja pansi pa shawa mpaka zala kuchita makwinya. Ndinasiya shawa ikutuluka n'kukatsegula mpopi wa kukhitchini, madzi anafooka pang'ono koma sanazizire. Ndinagujumula chimbudzi. Ndinapempha amayi ochapa aja ayatse makina awo ine ndili m'bafa. Ndinadikira tsiku lamphepo, poganiza kuti mwina imazimitsa lawi. Ndayesa m'mawa, ndayesa masana. Sanazizire ngakhale kamodzi.

Amayi ochapawo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, chinthu chikamagwira bwino kwa aliyense n'kumakana kwa munthu mmodzi, kwathu timakafunsa kwina." Ndinaseka, koma atapita kuseka kunatha. Inu musapite nayo kulikonse nkhaniyi, angangokudyerani ndalama.

Mwalemba kuti amayi akumafunsa tsiku lililonse kuti mwezi wafika pati. Muwauze kuti ndikubwera. Tsiku lenileni ndidzanena.

Wanu,
bambo a ana


26 Julaye

Okondedwa mayi a kunyumba,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine thupi lili bwino. Kalata ino yonse ndi yanu nokha.

Madala anatuluka pa 14. Atha, mikono yangotsala mafupa, ndikawanyamula ndimachita kudabwa kupepuka kwake. Tsiku lokawatenga ndinapita nawo kukakankha chikuku, ndipo namwino anandiuza kuti ndiziwadyetsa atakhala tsonga, chifukwa anthu a sitiroko chakudya chimawalowera kumapapo n'kuyambitsa chibayo chotere. Adona anali pa foni, sanamve. Ndikabwereza ine zioneka ngati ndikudziyeretsa.

Tsopano adona amachedwa kupita kuntchito. Amakhala pampando pakhomo la bafa, chitseko chili chotsegula, mpaka nditamaliza. Masiku oyamba anandilola beseni. Lachinayi lapitali anati tibwerere ku shawa.

Mverani zomwe zinachitika. Kawindo ka kubafa ndinakatsegula pang'ono kuti madala asabanike ndi nthunzi, ndipo kabokosi kali kuseri kwa kawindo komweko. Kale madala ankayamba kudandaula tisanalowe n'komwe, ndiye m'bafamo simunkamveka china. Tsikulo analibe mphamvu yodandaulira, munali zii. Ndinatsegula madzi, ndinamva tche-tche-tche, kenako lawi likulira chapansipansi. Ndinawanyowetsa. Nditangoti nditenge sopo, lawi lija linaleka kulira. Ndinayang'ana kuti chachitika n'chiyani, ndipo ndinapeza dzanja langa lili pa mpopi.

Mayi a ana, ndine. Ndikamapaka munthu sopo ndimachepetsa madzi kuti azingotuluka ngati ulusi. Sindiganiza n'komwe, dzanja limapita lokha. Chithanki chakale chinalibe nazo ntchito, madzi ake anali otentha kale. Koma aka kamayaka pokhapokha madzi akuthamanga mwamphamvu. Akachepa kamayesa watseka, kamazima, ndiye m'paipi mumadzaza ozizira mwakachetechete. Ukatsegulanso amayamba kutuluka ofunda otsalira aja, kenako ozizirawo, moto usanawapeze. Pulambala ndi adona amatsegula mpopi wonse n'kuusiya. Inenso poyesa paja ndinkatsegula wonse, poti panalibe womupaka sopo.

Ndinalozetsa shawa kukhoma mpaka ozizira atadutsa, ndipo adona sanaone kanthu. Masana ndinayesa kasanu. Kasanu konse chimodzimodzi.

Mukudziwa komwe dzanja ili linaphunzira. Amayi ankatisambitsa ana anayi ndi ndowa imodzi, yomwe asenza mtunda wa ola lathunthu. Ukadzithira kapu yachiwiri usanapake sopo, mbama inali pomwepo. Ndakula ndikudziwa kuti ndilo khalidwe, ndipo ngakhale kuno kwa eni ndinkaona ngati ndikuwasungira. Miyezi iwiri nkhalamba yosatha kuyankhula yakhala ikundiuza kuti "ayi", ine n'kumaimasula zala. Manyazi ake sindikudziwa poti ndiwaike.

Tsopano ndimatsegula wonse n'kuusiya. Madzi oyera amangopita m'ngalande nthawi yonse yomwe ndikupaka sopo, ndowa zisanu kapena kuposa, ine ndikukukuta mano. Masiku atatu awa sanazizire. Sindinauze munthu. Mukanakhala pafupi ndikanakufunsani chochita, koma yankho lanu lidzafika Ogasiti atalowa kale.

Wanu nthawi zonse,
bambo a ana


16 Ogasiti

Mayi a kunyumba,

Moni kwa inu ndi ana. Ndili bwino. Chikwama chomwe ndinalongedza chili pansi pa bedi. Nsapato za wachiwiri ndazitulutsamo, ndapatsira adalaivala pamodzi ndi envelopu. Pamenepo mwadziwa kale.

Yankho lanu linafika, loti ndikhale chete poti madzi akonzeka. Nanenso ndinkaganiza chomwecho. Koma pa 5, nditakumbutsa za ulendo, adona anandikhazika pa tebulo la kukhitchini, chinthu chomwe sanachitepo, n'kunena kuti, "Chiyambireni ine kukhala pakhomo la bafa, madzi sanazizirepo. Pulambala sanabwere, palibe chomwe chakonzedwa. Chasintha n'chakuti ndikukuyang'ana. Iwe ukanakhala ine ukanaganiza chiyani?"

Ndinaona kuti kukhala chete kwandisandutsa mfiti. Ndinawapempha kuti tipite kubafa. Ndinatsegula kawindo n'kuwauza amvetsere. Ndinatsegula mpopi, lawi linayaka. Ndinachepetsa, linazima. Ndinawapatsa shawa m'manja kuti adikire okha, ndipo ozizira atafika anadzidzimuka n'kuigwetsa. Anayesanso okha kawiri.

"Ndiye unkachepetseranji?"

"Ndinkasunga madzi, adona."

"Madzi a ndani? Ndinakuuzapo kuti madzi akundivuta?"

"Ayi. Dzanja linazolowera kwathu."

Anakhala pampando wa madala uja nthawi yaitali atagwira kumaso. Sindikudziwa ngati ankalira kapena ankaseka, mwina zonse. Apa ndiulule, chifukwa inu sindikubisirani kanthu: mumtima ndinali nditakonza kale. Ndinati akamva andichotsa ntchito, andiponyera pasipoti, Loweruka ndili m'basi. Ntchito idzapezeka ina, maso a amayi sadzapezeka ena. Ndiye ndinati, "Wolakwa ndine. Ndichotseni, ndipatseni pasipoti yanga ndizipita."

Iwo anati, "Ayi. Ndinkaopa kuti ndasunga munthu wankhanza m'nyumba muno, tsopano ndadziwa kuti ndiwe wabwino, unangopusa. Munthu watsopano ndimuphunzitse bwanji panopa, bambo ali chonchi? Unawagwetsa ndiwe, uwadzutse ndiwe. Akabwerera m'thupi mwawo udzapita."

Ndinatchula za amayi. Anati akumvetsa, nawonso ali ndi kholo, ndipo lawolo linatsala pang'ono kufa. Pamenepo ndinatchula zija ananena namwino, za chakudya cholowera kumapapo. Ndinadzimvera ndekha kuti mawuwo atuluka mochedwa.

Kiyi wa geti andibwezera. Malipiro awonjezera, muona envelopu yanenepa. Pulambala anabweranso, atamva anaseka mpaka kutsamira khoma, kenako anatsitsa nambala ya pa kabokosi kuti madzi asamatenthe kwambiri, munthu azitsegula mpopi wonse osaopa kupsa. Dirowa ya pasipoti ija ndi yokhayo yomwe sinatsegulidwe.

Amayi muwauze kuti abwana adwala, ulendo wasunthira kutsogolo pang'ono. Za mpopi musawauze. Angadziimbe mlandu, pomwe iwo ankangolera ana ndi madzi omwe anali nawo.

Wanu,
bambo a ana


20 Sepitembala

Mayi a kunyumba,

Kalata yanu yaukali ndaiwerenga katatu, ndipo sindikukutsutsani. Ndakondwa kuti ana ali bwino. Inenso ndili bwino.

Mwati geti ndi lotsegula, miyendo ndili nayo, chikundigwira n'chiyani. Popanda pasipoti pamalire sindidutsa. Mnzanga wina wa kutchalitchi, wometa anthu, anayesa chaka chatha. Anamutsitsa m'basi, anakhala miyezi isanu kumalo kosungirako anthu odikira kubwezedwa kwawo. Lolemba lina ndinapita kuofesi ya dziko lathu, ndinaima pamzere kuyambira m'mawa. Ati chikalata chongobwererera chimatuluka pakatha masabata asanu ndi atatu, ndipo ndibweretse lipoti la apolisi loti pasipoti inatayika. Sinatayike. Ndikakanena komwe ili, apolisi akabwera pano, adona nawo ali ndi nkhani yawo yoti awauze, ndipo pepala la kuchipatala lili m'manja mwawo. Paja fisi akagwa m'mbuna sayankhula.

Pali china chomwe simunafunse. Madala asiya kugwira felemu. Madzi ofunda akamatsika pamsana amatsinzina, nthawi zina mpaka kuodzera, dzanja lawo lili pamkono wanga. Sabata yatha amayi ochapa anayesa kuwadyetsa ine nditapita kumsika, anakana kutsegula pakamwa mpaka nditabwera. Ndikuuzeni zoona, masiku ena ndimadana nawo chifukwa cha zimenezi. Ndimawapukuta mapazi ndikuganiza kuti amayi anga akupapasa khoma, ine ndili pano kusisita kholo la eni. Kenako amatsokomola, ine n'kuthamangira juzi.

Madala anenepako pang'ono. Adona ati mng'ono wawo wa kutsidya kwa nyanja abwera mu Novembala kudzakhala mwezi wathunthu, ndiye ndidzapite nthawi imeneyo. Ndinawapempha alembe papepala, ati pakati pa ife sipafunika mapepala.

Kunja kwayamba kufunda. Madzi a mumpopi, ngakhale osatenthetsa, tsopano munthu akhoza kusamba osakuwa. Kabokosi kaja kakanabwera mwezi uno, bwenzi nditapita n'kubwerako.

Feteleza gulani matumba awiri mitengo isanakwere. Mankhwala a amayi musadumphitse ngakhale tsiku limodzi, ngakhale iwo anene kuti sakuthandiza. Mwati munthu akaima pakhomo akumamuona ngati chithunzithunzi. Chithunzithunzi chikwana, andisungire chomwecho.

Wanu,
bambo a ana


22 Novembala

Mayi a kunyumba,

Ndalandira. Adalaivala anandipatsa kalata osandiyang'ana kumaso, ndiye ndinadziwa ndisanatsegule. Zikomo kuti simunazungulire, mwalemba monga zilili, kuti Lachitatu lija amayi anafunsa chifukwa chake kunja sikukucha, pomwe dzuwa lili pamutu.

Inu ndi ana ndikhulupirira muli bwino. Ine ndikudya, ndikugwira ntchito.

Mng'ono wa adona sanabwere, ati tikiti yakwera mtengo, abwera chaka chikatha. Nditawauza adona za amayi anandigwira paphewa, anandipatsa tsiku lopuma. Kenako anati, mwaulemu ndithu, poti zachitika kale palibenso chothamangira, ndidikire Januwale ndidzapite mtima uli m'malo. Tsiku lopumalo ndinakhala pa bedi, ndipo nthawi yosamba itakwana ndinapita kukawasambitsa madala, chifukwa panalibe wina. Madzi anali bwino.

Muchotse miyala ili pakati pa khomo la amayi ndi chimbudzi, ndipo mumange chingwe choti azigwira poyenda. Mbaula isamakhale panjira. Chisamba aziwaperekeza kutchalitchi. Mankhwala otsalawo mukafunse adokotala ngati akufunikabe.

Tsopano izi muwawerengere, pang'onopang'ono, mutakhala nawo pafupi.

Amayi, ndine mwana wanu wachitatu. Ndachedwa, ndipo mlandu sindikankhira wina. Munkafuna kundiona, ndiye ndikuuzeni zomwe mukanaona, kuti ndikadzabwera manja anu asadzandikane. Tsitsi lakutsogolo linatha, chipumi chafika pakati pa mutu ngati cha malemu bambo. Ndevu ndimasunga tsopano, zazifupi, ndipo akuti kuchibwano zayamba imvi, koma zimenezo zala sizidziwa. Dzino limodzi lam'mwamba, kumanzere, anandizula chaka chatha. Masaya analowa pang'ono. Mapewa akula chifukwa chonyamula munthu. Manja mudzadabwa nawo, ndi ofewa ngati a namwino, kukhakhala konse kwa sipanala kunatha ndi sopo. Chipsera cha pabondo, chomwe munandimanga ndi nsalu yanu, chili pomwe munachisiya. Mudzayambire pamenepo.

Tsiku sinditchula. Ndatchula kawiri, kawiri konse munakhala pakhonde.

Ndine mwana wanu,
ndine bambo a ana